Kulima tomato ndi masamba m'nyumba muno mu Glasgow: yambani mwaona kumene zenera lanu layang'ana

Febuluwale akangolowa, mashopu a muno mu Glasgow amayamba kupachika timapaketi ta mbewu pafupi ndi khomo. Ku Lidl, ku Aldi, ku B&Q, pa paketi pali chithunzi cha tomato wofiira psuu, pomwe kunja mvula ikuwaza ndipo mphepo ikulowa mpaka m'mafupa. Mmalawi aliyense amene anakulira pafupi ndi dimba amaima kaye. Mtima umati, ine amene ndinkathirira bedi la mpiru ndisanapite kusukulu, ndingalephere tomato mmodzi pazenera? Zimatheka ndithu. Koma ambiri amagula mbewu n'kufesa tsiku lomwelo, ndipo pakatha masabata atatu amakhala ndi timbande totalika ngati ulusi, totuwa, tongogwa tokha. Akatero amataya ndowa n'kunena kuti ku Scotland kuno n'kozizira, palibe chingamere.

Kuzizira kulipo, palibe akutsutsa. Koma taganizirani: m'nyumba mwanu muli hita. M'mafulati ambiri kutentha kumakhala pa madigiri 18 mpaka 20 anthu akakhala pakhomo, ndipo tomato amakula bwino pakati pa madigiri 18 ndi 25. Amangoima kukula kukazizira kufika pansi pa madigiri 10. Ndiye pabalaza panu, kunena za kutentha, tomato sangadandaule. Chimene chimapha mbande zija ndi mdima.

Kumudzi nkhani ya kutalika kwa usana sitiiganizira n'komwe. Ku Lilongwe dzuwa limatuluka cha m'ma 5 kapena 6 koloko, kulowa cha m'ma 6 madzulo, chaka chonse. Usana waufupi kwambiri mu Juni umapitirirabe maola 11, wautali mu Disembala ndi wa maola pafupifupi 13. Kuno ndi nkhani ina. Pa 21 Disembala dzuwa mu Glasgow limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa cha m'ma 3:45 masana, maola asanu ndi awiri okha, ndipo m'maola amenewo limangoyenda m'munsimunsi, kuseri kwa nyumba za aneba. Onjezanipo mitambo. Mwezi wonse wa Disembala, maola amene dzuwa limawaladi mumzinda uno kawirikawiri safika 50. Mu Juni zimatembenuka: usana umapitirira maola 17, mpaka 10 koloko usiku kukadali mbee. Tomato amafuna dzuwa lomuwomba maola osachepera asanu ndi limodzi patsiku. Mukayika manambala awa pamodzi muona nokha kuti nyengo ya tomato wa pazenera ndi iti.

Tsamba limapanga chakudya cha mbewu kuchokera ku kuwala. Feteleza amangothandizira, ali ngati mchere ndi mafuta mu ndiwo. Mbande ikakhala pafupi ndi hita mu Januwale, kutentha kumaiuza kuti kula, koma chakudya chokulira palibe. Ndiye imatalika kufunafuna dzuwa, tsinde limaonda, mapeto ake imagwa. Wina akaona izi amathira feteleza poganiza kuti mbande ili ndi njala, kapena amaonjezera madzi, ndipo ndi pomwe amaimaliza.

Choncho musanagule kalikonse, tsegulani kampasi ya pa foni yanu muone kumene mazenera anu ayang'ana. Kwathu m'miyezi yozizira dzuwa limapendekera kumpoto. Kuno tili kumtunda kwa dziko, dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse. Zenera loyang'ana kummwera ndi munda weniweni. Loyang'ana kumadzulo kapena kummawa lingapirire tomato wamfupi m'chilimwe, ngakhale zipatso zichepa. Loyang'ana kumpoto, abale anga, iwalani za tomato, mudzalemo masamba basi. Ndipo ngati kutsogolo kwa zenera kuli nyumba ina yansanjika zinayi, monga zilili m'misewu yambiri ya ku Govanhill ndi Dennistoun, amene ali pansi penipeni amalandira dzuwa lochepa kuposa wa pamwamba, ngakhale mazenera awo ayang'ana kumodzi.

Maso athu amatinamiza pa nkhaniyi. Chipinda chimaoneka chowala, koma mukangochoka pagalasi ndi mita imodzi kuwala kumakhala kutatsika kwambiri. Ndowa ikhale pazenera penipeni, osati patebulo la pakati. Pukutani galasi. Kumbuyo kwa mbewu, mbali ya kuchipinda, imikani katoni yoyera kapena yokutidwa ndi foyilo kuti kuwala kubwererenso pamasamba. Tsiku lililonse tembenuzani ndowa pang'ono kuti tsinde lisapindike. Usiku musatsekere mbewu pakati pa katani ndi galasi, makamaka m'nyumba zakale zija za galasi limodzi, chifukwa kampata kameneko kamazizira ngati mufiriji.

Nthawi yofesa tomato ndi pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo. Chizindikiro chosavuta kukumbukira ndi pamene mawotchi akusinthidwa, Lamlungu lomaliza la Malichi. Fesani njere ziwiri kapena zitatu m'kachitini kakang'ono, kaya ka yogati kobooledwa pansi, kwirirani pang'ono ndi dothi, vundikirani ndi pulasitiki n'kuika pofunda. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimamera, ndipo tsiku lomwe mwaona kamutu kobiriwira chotsani pulasitiki, pitani nako pazenera. Masamba enieni akatuluka, aja okhala ndi manomano, patulirani n'kusiya yamphamvu. Powokera m'ndowa yaikulu, kwirirani tsinde mpaka pafupi ndi masamba oyamba, chifukwa tsinde la tomato limatulutsa mizu paliponse pomwe lakhudza dothi. Maluwa amayamba kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni. Kuchokera pa duwa kufika pa tomato wakupsa pamatenga pafupifupi miyezi iwiri, ndiye kudya kumayamba mu Julayi kapena Ogasiti mpaka Sepitembala.

Pa mtundu wa mbewu ndi pomwe ambiri amakodwa ndi chikondi. Munthu akaona paketi yolembedwa Moneymaker amamwetulira, chifukwa ndi dzina lomwe analimva kumadimba a ku Ntcheu ndi Dedza. Ndi mtundu womwewo, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku England konkuno. Koma Moneymaker ndi wamtali, amatha kufika mamita awiri, amafuna mtengo womangirira, amafuna kuthenedwa sabata ndi sabata. N'chimodzimodzi Gardener's Delight, komanso Ailsa Craig, yemwe dzina lake linachokera ku kachilumba ka mwala kaja koonekera ku gombe la Ayrshire. Amenewa ndi a m'nyumba yagalasi kapena pakhonde lotsekedwa. Pazenera la fulati funani aafupi: Tiny Tim, Red Robin, Micro Tom, Balconi Red, kapena Tumbling Tom yemwe amalendewera pansi. Ambiri mwa awa sapitirira theka la mita, zipatso zake ndi zazing'ono ngati za pwerekete uja womera yekha kudzala, ndipo zimapsa msanga. Aafupiwa musawathene, chifukwa nthambi zomwe mungachotsezo ndi zomwe zimabereka.

Tomato wamfupi akwana m'ndowa ya malita atatu mpaka asanu, wamtali amafuna malita khumi kapena kuposa. Chigubu cha mafuta ophikira chodulidwa pamwamba ndi kutsukidwa bwino chimagwira ntchito, bola mubowole pansi n'kuikapo mbale yolandira madzi, pokhapokha ngati mukufuna kukangana ndi wokhala pansi panu. Dothi mugule la m'thumba, lija amati kompositi. Lokumba kupaki kapena kuseri kwa nyumba limauma gwa m'ndowa, komanso limabwera ndi tizilombo.

Kuthirira kwa kudimba mu Okutobala, kwa m'mawa ndi madzulo ndi keni yodzaza, kuno sikugwira. M'nyumba dothi limachedwa kuuma, makamaka mu Epulo mbande zikadali zazing'ono. Lowetsani chala m'dothi mpaka pa mfundo yoyamba. Ngati muli chinyezi, dikirani. Dothi lonyowa nthawi zonse limaoletsa mizu ndipo limaswetsa tintchentche takuda tija timene timauluka pankhope mukamaonera TV. Koma mu Julayi, mbewu ikakula n'kuyamba kubereka, zimasintha: ndowa yaing'ono pazenera la kummwera imatha kuuma tsiku limodzi. Apa chofunika ndi kusadumphadumpha. Mukaisiya iume gwa masiku atatu kenako n'kuikhuthulira madzi ambiri, tomato amang'ambika, kapena amada kunsi kwake ngati wapsa ndi moto. Kuda kumeneku si matenda opatsirana ayi. Ndi kashiamu amene walephera kufika ku chipatso chifukwa madzi omunyamula amabwera mwa apo ndi apo. Amene mumagwira mashifiti a maola khumi ndi awiri kunyumba zosamalira okalamba, kapena amene mukupita kumudzi mu Ogasiti, ganizirani zimenezi musanadzale ndowa khumi. Madzi a pampopi kuno amabwera ozizira kwambiri, ndiye tungani m'botolo usiku, muthirire m'mawa.

Pali chinthu china chimene kumunda chimachitika chokha koma m'nyumba chimafuna dzanja lanu. Duwa la tomato lili ndi zonse ziwiri, mbali yaimuna ndi yaikazi, koma mungu sutuluka pokhapokha duwalo litagwedezeka. Panja mphepo ndi njuchi zimagwira ntchitoyi. Alimi akuluakulu a m'nyumba zagalasi ku Netherlands ndi Belgium amachita kugula makatoni a njuchi zikuluzikulu zaubweya zija n'kuziika m'kati. Inu m'fulati mulibe mphepo, mulibe njuchi, ndiye maluwa amatha kuyoyoka osasiya kanthu. Masana, maluwa akatseguka, gogodani tsinde ndi chala kapena gwedezani phava la maluwa pang'onopang'ono. Ena amakhudzitsa kumbuyo kwa mswachi wamagetsi pa kanthambi ka maluwa kwa masekondi awiri kapena atatu, ndipo zimathandizadi. Chitani izi masiku awiri kapena atatu aliwonse. Komanso, zodabwitsa, tomato wa ku Glasgow amatha kuvutika ndi kutentha: kuseri kwa galasi tsiku la dzuwa mu Julayi kumapitirira madigiri 30, ndipo mungu umafa. Tsegulani zenera.

Feteleza yambani pamene tizipatso toyamba taoneka, kamodzi pasabata. Gulani wamadzi wolembedwa kuti ndi wa tomato, monga Tomorite, chifukwa ali ndi potashi wambiri. Maganizo a yureya ndi CAN amene tinazolowera pa chimanga muwasiye kaye. Nayitirojeni wochuluka amakupatsani chitsamba chobiriwira bii, chokongola pachithunzi cha pa WhatsApp, chopanda tomato.

Ubwino umodzi wa m'nyumba ndi wakuti masamba sanyowa ndi mvula. Chiwawu cha tomato, matenda omwewo amene anaononga mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845 ndi kumapiri a Scotland chaka chotsatira, chimakonda nyengo yofunda ndi yonyowa, ndipo kumadzulo kwa Scotland mu Ogasiti ndi kwawo. Tomato wa panja muno amatha kuda n'kufa m'masiku ochepa. Wa pazenera kawirikawiri amapulumuka. Adani ake ndi nsabwe za m'masamba, tintchentche toyera ndi akangaude ofiira aja okonda mpweya wouma. Yang'anani kunsi kwa masamba sabata iliyonse. Mukaziona zikadali zochepa, zitikiteni ndi chala kapena pitani ndi ndowa kubafa mukatsuke masamba ndi shawa. Mankhwala opopera m'chipinda chogona ana, ayi.

Tsopano tinene zoona pa zokolola. Tomato wamfupi mmodzi, atasamalidwa bwino, akupatsani timanja tingapo ta zipatso pa nyengo yonse. Simungaphikire ndiwo za banja tsiku ndi tsiku. Chitini cha tomato m'mashopu otchipa sichifika paundi imodzi. Tomato wa pazenera ndi wa kukoma, wa fungo lija la masamba likakhudza dzanja, ndi wa ana obadwira kuno amene amaganiza kuti tomato amachokera mu pulasitiki. Kwa ine, phindu lenileni la zenera la Mmalawi lili pa masamba. Tomato mumupeza pa kona iliyonse, koma nkhwani, bonongwe ndi kholowa simuzipeza ku Tesco. Ndipo masamba safuna dzuwa lambiri ngati mbewu yobereka zipatso.

Tiyambe ndi za m'banja la mpiru, chifukwa ndi zopirira kuzizira. Pa mapaketi funani mustard greens kapena mizuna ngati mukufuna kuwawira kuja kwa mpiru, pak choi m'malo mwa chayinizi, ndi kale m'malo mwa repu. Fesani m'beseni losaya kapena m'bokosi lalitali la pazenera, mothithikana kuposa kudimba, ndipo pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi yambani kuthyola masamba akunja n'kusiya mtima. Zimaphukanso kawiri kapena katatu. Izi zimakonda chipinda chozizirirapo, kutali ndi hita. Nyengo yake ndi Malichi ndi Epulo, kenako Ogasiti ndi Sepitembala. Mukafesa mu Juni, usana wautali uja umazipusitsa, zimathamangira kutulutsa maluwa masamba asanakule.

Bonongwe ndi wosiyana, amafuna kufunda. Mbewu zake zimagulitsidwa pa dzina la amaranth, kapena callaloo monga amamutchulira anzathu a ku Caribbean. Fesani mu Meyi pazenera la dzuwa. Njere zake ndi zazing'ono ngati mchenga, ndiye ingowazani pamwamba n'kupondereza ndi dzanja. Kwa iye usana wautali ndi mwayi, chifukwa mitundu yambiri imachedwa kuchita maluwa usana ukatalika, ndipo mumathyola nthawi yaitali. Mukatsina nsonga amachita nthambi.

Nkhwani ndi womwe anthu amaufuna kwambiri, ndipo ndi wotheka, bola mudziwe kuti mukulima masamba, maungu muwaiwale. Njere za dzungu la m'shopu, kaya butternut kaya maungu aja a Halloween, mukazitsuka n'kuziumitsa zimamera. Dzalani ziwiri kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi m'ndowa yaikulu ya malita 15 kapena 20. Dzungu limamwa madzi kwambiri ndipo limayanga, ndiye mupatseni chingwe chokwera m'mbali mwa zenera. Thyolani masamba anthete ndi nsonga. Ndowa imodzi sikupatsani poto wodzaza sabata iliyonse, koma kamodzi pa masabata awiri kapena atatu mupeza wokwanira kutendera, ndipo tsiku limenelo nsima imatha msanga. Masamba akayamba kutuwa ngati awazidwa ufa, chotsani odwalawo n'kulowetsa mpweya.

Kholowa ndiye wosavuta kuposa zonse. Tengani mbatata ya m'shopu, iviikeni theka m'botolo la madzi kapena ikwirireni theka m'dothi lonyowa pamalo ofunda. Ikaphuka, thyolani mphukira zotalika ngati chikhatho, ziikeni m'madzi zitulutse mizu, muwokere. Zina zimachedwa kuphuka, musafulumire kutaya. Apa chenjezo, makamaka pa ana: masamba odyedwa ndi a mbatata yotsekemera okha. Masamba a mbatatesi ndi a tomato sadyedwa, ali ndi poizoni. Khwanya nayenso amachokera m'kabati yanu momwemo, nyemba zouma zophika zija zambiri zimamera. Anyezi wamasamba mukadula, kumizu kwake kubzaleni, aphukanso. Therere lobala musavutike nalo, limafuna kutentha ndi dzuwa zomwe zenera la ku Glasgow silingapereke.

Tsabola yekha ndi amene amaloledwa kufesedwa msanga, kumapeto kwa Febuluwale, chifukwa amachedwa. Mitundu ya m'banja la kambuzi, monga habanero ndi Scotch bonnet, imafuna kufunda kwa madigiri pafupifupi 25 kuti imere, ndipo imatha kutenga masabata atatu kapena anayi. Apa hita imathandiza: ikani kachitini pafupi nayo mpaka kumera, kenako pazenera.

Nanga m'miyezi ya mdima? Kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale usana mu Glasgow sufika maola khumi, ndipo mbewu zambiri zimangokhala, osafa koma osakula. Nzeru yake ndi kufesa mpiru ndi kale kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Sepitembala kuti pofika Novembala zikhale zitakula kale, n'kumathyola pang'onopang'ono. Chimene chimakuladi mu Disembala ndi mphukira za nsawawa. Gulani bokosi la nsawawa zouma zotchedwa marrowfat, ziviikeni usiku umodzi, yalani mothithikana pa dothi losaya. M'masabata awiri kapena atatu mudula mphukira zotalika ngati chala, zokoma pokazinga ndi anyezi. Zimatheka chifukwa chakudya chake chili kale mu njere. Mwa njira, mdima womwewu umatikhudzanso ife anthu: a zaumoyo ku Scotland amalangiza kumwa mamayikurogalamu 10 a vitamini D patsiku kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo a khungu lakuda ngati ife chaka chonse.

Wina anena kuti, nanga bwanji osangogula getsi? Magetsi a LED olimira mbewu alipo, ndipo amagwiradi ntchito. Koma tengani cholembera. Getsi la mawati 30 likayaka maola 14 patsiku limadya mayuniti 0.42, pamwezi pafupifupi 13. Tiyerekeze kuti yuniti mukugula 25p, mtengo weniweni muone pa bilu yanu poti umasinthasintha. Ndiye kuti ndi mapaundi atatu ndi pang'ono pamwezi. Getsi lotere likwanira bokosi la mpiru kapena mbande za tomato mu Febuluwale, ndipo pamenepo ndikuona kuti ndalama yapita pabwino. Koma kuti tomato abereke mu Januwale mufunika mawati 100 kapena kuposa, maola 16 patsiku. Amenewo ndi mayuniti 48 pamwezi, mapaundi 12, ndipo kuchokera pa njere kufika pa chipatso ndi miyezi inayi. Mapaundi pafupifupi 50 a magetsi okha, kuti mudye tomato wodzaza mbale ziwiri kapena zitatu. Amene muli pa mita yolipiriratu mwamva kale.

Masamu amenewa si a inu nokha. Chigwa cha mtsinje wa Clyde, kumtunda kwa Blantyre wa kuno kumene anabadwira David Livingstone, kale chinali chodzaza ndi nyumba zagalasi za tomato, ndipo tomato wa ku Clyde Valley ankadziwika m'Scotland monse. Mafuta otenthetsera atakwera mtengo m'ma 1970, komanso tomato wotchipa wa ku Netherlands ndi maiko ena atadzaza msika, alimi ambiri anasiya, ndipo malo ena anasanduka mashopu ogulitsa maluwa ndi tiyi. Ku Iceland, komwe mdima wake umaposa wathu, amakolola tomato chaka chonse, koma n'chifukwa choti ali ndi madzi otentha otuluka pansi ndi magetsi ochokera ku mphamvu ya madzi ndi nthunzi. Ndipo ambiri tikukumbuka Febuluwale wa 2023, pamene Asda, Tesco, Aldi ndi Morrisons anaika malire pa tomato, tsabola ndi nkhaka zomwe munthu mmodzi angagule, nyengo itavuta ku Spain ndi Morocco pomwe alimi a kuno anali atachepetsa kudzala chifukwa cha mtengo wa gasi.

Mukagula getsi, sankhani loyera. Lofiirira lija limapweteka maso, limabisa matenda pa masamba, komanso zenera lowala pepo usiku wonse limapatsa aneba maganizo a chamba, inu mukulima mpiru. Lipachikeni masentimita 20 mpaka 30 pamwamba pa masamba, muzilikweza mbewu ikamakula. Gulani ka taimala kozimitsa kokha, chifukwa mbewu imafunanso usiku, ndipo tomato woyatsiridwa maola 24 masamba ake amachita mawanga achikasu. Mawaya ndi soketi zikhale pamwamba, kutali ndi pomwe madzi amadontha.

Nkhani ina ndi ya nyumba yeniyeniyo, poti ambiri tili pa lendi. Madzi onse amene mumathira m'ndowa amathera mumpweya wa m'chipinda. Nyumba zambiri za mumzinda uno zili kale ndi vuto la chinyezi, ndipo mukaphatikiza ndowa khumi, zovala zoyanika pa hita ndi nthunzi ya nyemba, chuku chakuda chimayamba m'makona ndi m'mbali mwa zenera. Chuku ndi choopsa kwa ana ndi kwa odwala mphumu, komanso landilodi adzachiwerengera pa dipoziti yanu. M'miyezi yozizira chepetsani ndowa, pukutani madzi a pagalasi m'mawa uliwonse, tsegulani zenera kwa mphindi zingapo. Ngati m'chipinda muli kale chuku, musaikemo mbewu, ndipo mudziwitse mwini nyumba polemba. Musaike ndowa pa masitepe a onse, ndi njira yothawira moto. Bokosi la kunja kwa zenera pa nsanjika yachitatu, ndi mphepo ya mu Januwale ija, lingavulaze munthu wodutsa, ndiye funsani kaye ndipo limangidwe zolimba.

Za mbewu zochokera kumudzi, ndikudziwa mmene zimakhalira: amayi amanga kampukutu ka njere za maungu n'kukalowetsa m'chikwama pa tsiku lonyamuka. Dziwani kuti malamulo olowetsa zomera mu Britain ndi okhwima. Zomera zamoyo, ndi njere zina kuphatikizapo za tomato ndi tsabola, zimafuna chikalata cha boma chotsimikiza kuti zilibe matenda, ndipo popanda chimenecho atha kukulandani pabwalo la ndege. Onani pa tsamba la gov.uk musananyamule. Chifukwa chake ndi chomveka, pali mavairasi a tomato oyenda pa njere. Pafupifupi chilichonse chomwe tatchula muno chili ndi m'bale wake wogulitsidwa konkuno.

Amene zenera lawachepera, njira ina ndi kadimba kobwereka kukhonsolo, kamene kuno amati allotment. Lamulo la Community Empowerment (Scotland) Act la 2015 limalamula makhonsolo kusunga mndandanda wa ofuna timindati, ndi kuchitapo kanthu kuti munthu asadikire kupitirira zaka zisanu. Zaka zisanuzo zikukuuzani kale kutalika kwa mzere. Kulembetsa kumayambira pa tsamba la Glasgow City Council, ndipo ndi bwino kulemba dzina ngakhale simunatsimikize. Podikira, funsani za minda ya m'madera imene anthu amalima pamodzi, yambiri imalandira aliyense wofuna kuthandiza ndipo ina ili ndi nyumba zapulasitiki momwe nkhwani ndi bonongwe zimasangalala kuposa pazenera. Mbande zoleredwa m'nyumba musazitulutse panja Juni asanayambe, chifukwa chisanu chimatha kugwa mpaka mu Meyi, ndipo muzizoloweretse kwa sabata imodzi: masana panja, usiku m'nyumba.

Sepitembala akamatha, dulani nsonga ndi maluwa atsopano a tomato, sangapsenso. Kumayambiriro kwa Okutobala thyolani onse otsala, ngakhale obiriwira, muwaike mu dirowa kapena m'thumba la pepala pamodzi ndi nthochi yakupsa. Mpweya wotuluka mu nthochi umawafiiritsa m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chitsamba cha tomato chizuleni, koma cha tsabola musataye. Chiduleni nthambi kutsala theka, chisiyeni pazenera la chipinda chosazizira kwambiri, muzithirira pang'ono kamodzi pa masabata awiri. Chiyoyola masamba n'kuoneka ngati chafa, koma chikapulumuka chimaphukanso mu Malichi, ndipo chaka chachiwiricho chimayamba kubereka msanga kuposa chofesedwa kumene.